Zikomo nonse amene munatigwira dzanja usiku umene mwana wathu anabanika

Ndakhala ndikufuna kulemba mawu awa chitulukire m'chipatala, koma mutu unali usanakhazikike. Lero mwana wamaliza nsima yake yonse, wathamangitsa nkhuku za aneba mpaka kugwera m'matope, ndiye ndati basi ndilembe. Ambiri munaimba foni sindinayankhe, ena munalemba pa WhatsApp ndinangowerenga n'kusiya. Pepani, sikunali kunyoza. Ndikufuna ndikuthokozeni, komanso ndifotokoze bwinobwino zimene zinachitika, chifukwa nkhaniyi yayenda mosiyanasiyana. Ena amva kuti anatsamwa ndi mtedza, ena kuti ndi mphumu yake ija, ndipo pali ena amene anandifunsa monong'ona ngati sitinayambane ndi munthu.

Amene mumatidziwa mukudziwa kuti mnyamata wathu wamng'ono, wa zaka zitatu ndi miyezi inayi, ali ndi mphumu. Miyezi ya June ndi July ikafika, chiperoni chikaphimba Bangwe yense, ife sitigona tulo tofa nato. Inhela ya buluu ya salbutamol imakhala pansi pa pilo, pamodzi ndi botolo lapulasitiki la 500ml limene tinaboola kunsi kuti tizimupopera mankhwalawo. Ndinafika podziona ngati katswiri wa chifuwa cha mwana wanga. Ndikangomva kamluzu kaja ndimadziwa chochita.

Lachiwiri anayamba chimfine, mamina, thupi kufunda pang'ono. Lachitatu madzulo mawu anasasa, ife n'kumamuseka kuti akulankhula ngati agogo ake aamuna. Cha m'ma 1 koloko usiku ndinadzidzimuka, ndikuyesa kuti galu walowa m'nyumba. Magetsi anali atazima. Bambo ake anayatsa tochi ya pafoni n'kuyamba kusuzumira pansi pa mipando, osadziwa kuti phokosolo likuchokera pabedi. Anali mwana. Ankatsokomola chifuwa chouma, chogunda, ngati kagalu kakuuwa m'mgolo. Akamakoka mpweya, pakhosi pankalira mokhakhala ngati sowo ikudula thabwa, ndipo kadzenje ka pansi pa khosi kankalowa m'kati mpweya uliwonse.

Ndinatenga inhela ndi botolo lija, ndinamupopera monga mwa nthawi zonse, ndinadikira. Palibe chinasintha. Ndinapoperanso. Iye ankakankha botololo uku akulira, ndipo akamalira phokoso la pakhosi linkakulirakulira.

Apongozi anga anali atabwera kuchokera ku Thyolo sabata imeneyo. Atamva, anadzuka osafunsa zambiri, anakoleza mbaula, anatereka poto wamkulu, anaponyamo masamba a bulugamu ndi mandimu kuti timufukize mwana, monga mmene tonse tinkachitira nthawi ya Covid ija. Ndinene pano kuti wina asawaloze chala: bulangete lofundira ndinakatenga ndine. Ndinaona kuti mankhwala a kuchipatala akanika, ndiye tiyese zathu.

Woyamba kumuthokoza ndi aNaphiri a kuseri kwa nyumba yathu, amene anagwira ntchito ya unamwino zaka zambiri asanapume. Makoma a nyumba za lendi sabisa kanthu. Anamva chifuwacho ali m'mabulangete, anadzuka, anagogoda kamodzi n'kulowa. Anaima pakhomo la kuchipinda, anamvetsera pang'ono, kenako anandiuza kuti, "Mwananga, siya kaye inhelayo. Khala pansi, umukhazike pamiyendo, usamugoneke. Iweyo leka kunjenjemera, akukuona." Atatero anatembenukira kwa apongozi. "Amayi, pepani, mbaulayi ituluke. Utsi wa makala ndi fungo la bulugamu pa mwana wa mphumu ndi kuwonjezera moto."

Apongozi anayankha kuti, "Ine ndalera ana asanu ndi awiri ndi nthunzi yomweyi." Panakhala kachete. Ndinkaopa kuti mkangano uyambika mwana akubanika. Koma anayang'ana mdzukulu wawo, anapinda chitenje m'manja, ananyamula poto uja okha n'kukamuika panja, anabweranso kudzatenga mbaula. Amayi, ndikudziwa mlamu wanga akuwerengerani izi. Si chapafupi munthu wamkulu kusiya chimene wakhala akuchikhulupirira moyo wake wonse chifukwa cha mawu a munthu amene mwangomuona masiku atatu. Ndikukuthokozani kuchokera pansi pa mtima.

ANaphiri anatiuza kuti timukulunge mwana bwino thupi lonse, nkhope yokha ikhale pamtunda, tikhale naye pakhonde pamene bambo ake akuthamangira galimoto. Kunja kunali kuzizira koopsa, nkhungu ili tolotolo. Ine mumtima ndinkati mayi awa apenga, mwana wa chifuwa n'kumutulutsira pamphepo? Anandiuza kuti ndimuimbire. Ndinaimba kanyimbo ka ku Sande sukulu, mawu akunjenjemera. Mwana wathu wamkulu, wa zaka zisanu ndi zitatu, ndi amene anagwira tochi nthawi yonseyo osadandaula. Mwanawe, zikomo, ngakhale sudzawerenga izi mpaka utakula.

Achimwene a Sienta amene mumaima pa siteji ija, munadzuka pasanathe mphindi khumi, jekete mutavala mozondoka. Simunafunse za ndalama. Mawa lake bambo a mwana atabwera nayo munangolandira ya mafuta yokha. Mulungu akuonjezereni pamene mwachotsa.

Tinayenda mawindo ali otsegula pang'ono. Pofika ku Limbe mwana anali atasiya kulira, pofika pa Ginnery Corner ankaloza magalimoto. Ndinayamba kuchita manyazi kuti madokotala atiyesa anthu ongosokosa. Koma phokoso la pakhosi lija linalipobe ngakhale anali phee, ndipo anamwino amene anatilandira pa Queens atangolimva sanatiuze zokhala pamzere, anatilowetsa. Pambuyo pake ndinamva kuti njira imeneyi, yosankha ana odwala kwambiri pakhomo pomwe kuti aonedwe msanga, imene bungwe la World Health Organization limaphunzitsa m'mayiko ambiri, inayesedwa pa chipatala chomwechi isanafalikire. Anamwino inu, dzina sindinafunse, koma nkhope yanu ndikuikumbuka.

Adokotala amene anamuona anali achichepere, oleza mtima. Sanamuchotse mwana pamiyendo panga, sanamukanule pakamwa ndi kamtengo, anati kumuliza n'kumuonjezera vuto. Anamuika kachipangizo koyezera mpweya pachala, anamvetsera m'chifuwa, kenako anati, "Mayi, m'mapapomu muli bwino. Lero si mphumu. Iyi ndi croup." Dzinali ndinali ndisanalimvepo, ndipo m'Chichewa ndilibe liwu lake. Kunyumba tikungoti chifuwa cha galu.

Anandijambulira kuseri kwa buku la kuchipatala. Mphumu imagwira timitsempha ta mpweya ting'onoting'ono ta m'mapapo, n'chifukwa chake kamluzu kake kamamveka m'chifuwa mwana akamatulutsa mpweya. Croup imatupitsa kumtunda, pakholingo pamene pamatuluka mawu ndi kunsi kwake pang'ono, n'chifukwa chake mawu amasasa ndipo phokoso limamveka mwana akamakoka mpweya. Imabwera ndi kachilombo ka chimfine, kawirikawiri kotchedwa parainfluenza, ndipo imakonda ana a miyezi 6 mpaka zaka zitatu, ngakhale okulirapo pang'ono imawagwiranso. Njira ya mpweya ya mwana wotere ndi yopapatiza ngati kachala kake kakanise, ndiye kutupa pang'ono kokha kumatseka malo ambiri. Salbutamol amamasula timitsempha ta pansi tija, koma kutupa kwa pakholingo sakukhudza. Ndiye kuti ine usiku uja ndinkagogoda pa khomo lolakwika.

Anamukweza pasikelo, anamumwetsa dexamethasone kamodzi kokha molingana ndi kulemera kwake, ndipo anamupumitsa adrenaline wa nthunzi ya makina kudzera pa kachophimba kumaso. Pasanathe theka la ola phokoso lija linatsika. Ndinayamba kumanga chitenje kuti tizipita, koma anatikaniza, anati mphamvu ya adrenaline imatha pakapita maola ngati awiri, ndiye ayenera kuona ngati phokoso silibwerera pamene dexamethasone akuyamba kugwira ntchito. Anamuyezanso malungo, sanapezeke. Chimene chinandidabwitsa n'choti anatsegula tsamba la katemera n'kuwerenga mosamala. Anati pali matenda ena oopsa kwambiri otupitsa pakhosi amene amafanana ndi croup, ndipo katemera wophatikiza matenda asanu uja, amene ana kuno akhala akulandira kuyambira 2002, amateteza ku ena mwa iwo. Maulendo a ku sikelo aja amene ndinkanyinyirika nawo, ndinawaona phindu lake usiku umenewo.

Ndinawafunsa za kufukiza, apongozi ali pomwepo. Anayankha mwaulemu kuti ngakhale m'zipatala kale ankagwiritsa ntchito nthunzi pa matendawa, koma atafufuza anapeza kuti sithandiza, ndipo chimene amaona kawirikawiri ndi ana opsa ndi madzi owira, chifukwa mwana wobanika pansi pa bulangete amaphupha n'kugubuduza poto. Anawonjezera kuti mafuta a bulugamu ogula m'mabotolo aja mwana akamwa ndi poizoni. Apongozi anangoti, "Tamva." Pobwerera anandinong'oneza kuti, "Komatu madokotalawo nawonso ankafukiza." Ndinaseka koyamba usiku umenewo.

Ambiri mwandifunsa kuti nanga kunyumba tinamupatsa chiyani, poti usiku wachiwiri chifuwa chija chinabweranso, ngakhale mocheperako. Kunena zoona, zimene zinathandiza n'zosaoneka ngati mankhwala n'komwe. Ndinagona chokhala, nditatsamira khoma, iye ali pachifuwa panga. Akayamba kutsokomola sindinkayatsa nyali kapena kuitana anthu, ndinkangomusisita kumsana n'kumamulankhula pang'onopang'ono. Chikakula ndinkamukulunga n'kukaima naye pawindo lotsegula kwa mphindi zingapo. Tinkamumwetsa madzi ofunda pang'onopang'ono koma pafupipafupi, ndi phala lamadzimadzi. Asanagone tinkamupatsa supuni yaing'ono imodzi ya uchi, umene malume anatitumizira kuchokera kumudzi. Uchiwo umafewetsa pakhosi ndi kuchepetsa kutsokomola, koma sutsegula njira ya mpweya, ndipo anamwino anatichenjeza kawiri konse kuti mwana wosakwana chaka chimodzi asapatsidwe uchi ngakhale dontho. Thupi likatentha n'kumamusowetsa mtendere, Panado wa ana pa muyezo wake. Mbaula sinalowenso m'nyumba, ndipo bambo ake, amene amasuta, akhala akusutira kutali kumpanda n'kusintha malaya asanamunyamule. Izi ndalemba dala kuti anzawo muwakumbutse.

Mlongo wina wa kutchalitchi anabwera ndi amoxicillin wotsala wa mwana wake, wina ndi botolo la mankhwala a chifuwa a ku golosale, wina ndi adyo wosinja woti timupake pakhosi. Sindinagwiritse ntchito chilichonse mwa izi. Amoxicillin sapha kachilombo ka chimfine, ndipo mankhwala a chifuwa aja adokotala anatiletsa kupatsa mwana wamng'ono chonchi. Koma musakhumudwe. Munayenda pamatope kubwera ndi chimene munali nacho, ndipo ndinachiona.

Adokotala anatichenjeza kuti kachilombo komweko kakhoza kudzutsa mphumu, ndipo zinaterodi. Loweruka m'mawa chifuwa cha galu chikutha, ndinamva kamluzu kanga kakale kaja, m'chifuwa, potulutsa mpweya. Ulendo uno inhela ndi botolo lija zinagwira ntchito mphindi zochepa. Botololi ena mumaliseka mukabwera kwathu, koma madokotala a ana ku Cape Town analiyesa mu 1999 n'kupeza kuti botolo la 500ml lomatidwa bwino limagwira ntchito mofanana ndi chipangizo chogula ku famase. Tsopano ndikamva mwana akupuma movutika ndimayamba ndaika khutu pakhosi, kenako pachifuwa.

ANaphiri anandilembera pa kapepala zizindikiro zoti ndikaziona ndisayambe n'komwe za uchi kapena za pawindo: phokoso la pakhosi likumveka mwana ali phee osalira, nthiti kapena kadzenje ka pakhosi zikulowa m'kati, milomo yasintha mtundu, dovu likungotuluka akulephera kumeza, kapena walefuka mosadziwika bwino. Kapepalako ndamata kuseri kwa chitseko, pansi pake ndalemba nambala ya achimwene a Sienta.

Amayi a Mvano, munabwera ndi ufa, shuga ndi pemphero, zikomo. Anzanga a banki m'khonde munandidikira sabata ija osandilipitsa chindapusa. Achemwali anga a ku Johannesburg, ndalama ija inafika m'mawa womwewo, ndipo ndikudziwa kuti nanunso sizikuyenda bwino kumeneko. Abwana anga kuntchito munangoti ndibwere mwana akachira. Ndi inu mayi amene tinakhala benchi imodzi kuchipatala, mwana wanu ali pa mpweya, munandibwereka chitenje nditanyowa ndi masanzi, ndipo tinasiyana osafunsana mayina. Ndakhala ndikumupempherera mwana wanu. Ngati wina akuwadziwa, anati amachokera ku Chileka, chitenje chawo ndachapa, chili kuno.

Bambo a ana, munathamanga usiku uja opanda nsapato, ndinaona mapazi anu kutacha. Sindinanene kanthu, ndiye ndanena pano.

Pali amene anasiya fulasiki yobiriwira ya tiyi pakhonde Lachinayi m'mawa, tisanabwere kuchokera kuchipatala. Sitikudziwa kuti ndani. Tiyiyo tinamwa, fulasiki tatsuka, bwerani mudzatenge, mudzamuonenso mnyamata wanu.