Lachinayi: madola 100 a mphwanga

Nkhani ya masana ija ikundizungulirabe m'mutu. Mphwanga, mwana wa mlongo wanga, anabwera foni ili m'manja kudzandionetsa tsamba lake latsopano la pa intaneti. Walembapo nkhani zingapo za mpira wa Super League, m'Chichewa chokoma ndithu. Funso lake linali limodzi basi: "Amalume, Google iyamba liti kundilipira?" Akuti kuli wina pagulu lawo la WhatsApp amene akuwalipiritsa ndalama ya maphunziro, n'kumawauza kuti ukangotsegula tsamba madola amayamba kulowa mwezi usanathe.

Ndinayamba ndi chimene sanafune kumva. AdSense, njira ya Google yoikira malonda pamasamba a anthu, ili ndi mndandanda wa zinenero zimene imavomera, ndipo Chichewa mulibemo. Chingerezi chilimo, Chipwitikizi chilimo, Chifalansa, Chiarabu ndi Chihindi zilimo. Tsamba limene nkhani zake zambiri ndi za Chichewa salilandira, ngakhale utalemba bwino chotani. Wophunzitsa wawoyo izi sanawauze, kaya sakudziwa kaya akudziwa, ndipo zonse ziwiri n'zondikwiyitsa.

"Ndiye ndizilemba m'Chingerezi," anatero mwachangu. Chabwino, ndinati, tenga pepala tiwerengetse.

Choyamba uyenera kukhala ndi zaka 18, nkhani zolemba wekha, ndi tsamba lofotokoza mmene umasungira zinsinsi za owerenga. Ukapempha kulowa AdSense amaunika tsamba lako kwa masiku angapo, nthawi zina milungu. Akakuvomera umaika kafayilo kotchedwa ads.txt, kamene kamatsimikizira kuti malo otsatsirawo ndi akodi. Ndalama zikafika madola 10 amakutumizira PIN ya manambala 6 papositi, pa pepala lenileni. Apa ambiri amagwa, chifukwa analemba dzina la dera lawo ndi nambala ya puloti, pomwe kwathu kuno kalata sifika pakhomo. Pamafunika P.O. Box yeniyeni imene wina amaitsegula, kaya ya kutchalitchi kaya ya kuntchito kwa bambo ako. Ikapita miyezi inayi usanalowetse PIN ija malonda amasiya kuoneka. Kenako udikire kuti zikwane madola 100, chifukwa pansi pa apo salipira, zimangosungidwa n'kuphatikizidwa ndi za mwezi wotsatira. Zikakwana amatumiza pakati pa 21 ndi 26 mwezi wotsatirawo, kudzera ku banki, ndiye ukhale ndi nambala ya akaunti, SWIFT ya bankiyo (nambala yoizindikirira potumiza ndalama kuchokera kunja), ndi dzina lofanana ndendende ndi la pachitupa chako. Dzina lotchuka nalo kumpira lija lisiye kumpira. Banki nayo imadulapo yake ndalamazo zikamalowa.

Apa anali akumwetulirabe, poti madola 100 pa mtengo wa ku banki wa pafupifupi K1,750 ndi K175,000. Ndinamufunsa kuti akuganiza kuti pamafunika owerenga angati. Iye anati mwina 1,000.

Ndalama za malonda amaziyeza ndi RPM, kutanthauza zimene umapeza tsamba likatsegulidwa ka 1,000. Tiyerekeze kuti RPM yako ndi dola imodzi. Kuti ufike madola 100 tsamba litsegulidwe ka 100,000. Ikakhala theka la dola, ka 200,000. Ndipo chimene chimakweza kapena kutsitsa RPM makamaka ndi kumene wowerenga ali ndi zimene akuwerenga. Otsatsa amalimbirana munthu wa ku London amene akufufuza za inshuwalansi, chifukwa akhoza kugula lero lomwe ndi khadi. Mnyamata wa ku Ndirande amene akufuna kudziwa amene wagoletsa chigoli, ndi ochepa amamulimbirana, choncho mtengo wake ndi wotsika. Si kunyoza ayi, ndi mmene msikawo ulili.

Anakhala chete pang'ono, kenako anatulutsa nzeru imene aliyense amaitulutsa: "Nanga anzanga ndikawauza kuti azidina malondawo tsiku lililonse?" Ndinachita kuimirira. Imeneyo ndiyo njira yachidule yotsekedwera akaunti. A Google amaona kuti mafoni ake ndi omwewo, dera ndi lomwelo, anthu akudina osawerenga chilichonse. Akatseka, ndalama zimene zinasonkhana zikhoza kupita, ndipo kutsegula ina m'dzina lomwelo saloleza. Komanso kuyambira 2024 AdSense inasinthira kwambiri ku kulipira potengera kuonetsedwa kwa malonda m'malo mwa kudina, ndiye anzakowo angokuphera akaunti popanda phindu. N'chimodzimodzi kugula "owerenga" kwa anthu amene amalonjeza alendo 10,000 usiku umodzi. Amenewo ndi makina, si anthu.

Magetsi anathima chapomwepo, kutentha kwake kosaneneka, ndipo mwina n'chifukwa chake ndinalankhula mokalipa kuposa mmene zinafunikira. Ntchito yogwirira pakhomo ili ndi vuto lake lina limene ophunzitsa aja satchula: anthu akakuona uli pakhonde ndi laputopu amati ulibe chochita. Wina akutuma kuchigayo, wina abwera kudzacheza mpaka dzuwa kupendeka. Amene alibe maola oikika olembera, ndi batire kapena sola yoti rauta ndi laputopu zisazime, amalemba nkhani ziwiri mwezi woyamba n'kuthera pomwepo.

Tinabwereranso ku pepala, mbali ya zotuluka, imene iye anali asanaiganizire n'komwe. Dzina la tsamba lothera ndi .com limalipiridwa chaka chilichonse, madola 10 mpaka 15 kapena kuposerapo pang'ono, ndipo mtengo wa chaka choyamba nthawi zambiri ndi nyambo chabe, wachiwiri umakwera. Ukasankha pulogalamu yopangira masamba ya WordPress yodziikira wekha palinso lendi ya malo osungirako tsambalo. Zonsezi ndi za m'madola. Kwacha itagwetsedwa ndi 44 peresenti mu November 2023, mitengo imeneyi inakwera usiku umodzi kwa aliyense wolandira makwacha, ndipo ndi kusowa kwa ndalama zakunja, khadi kukana kulipira pa intaneti si zachilendo. Tsiku lolipira dzinalo likadutsa tsamba limazima. Ukachedwa kwambiri kuliwombola kumadula kangapo kuposa mtengo wake, ndipo ukachedwanso wina akhoza kuligula, ntchito ya zaka n'kupita. Langizo langa kwa iye linali loti akhale pa Blogger, njira ya Google yopangira masamba imene ndi yaulere, agule dzina lokha akapeza ndalama, n'kumalilipira kudakali mwezi wathunthu.

Za Amazon, sitolo ya pa intaneti ija, anazitchulanso, zoti umaika maulalo a katundu n'kumadyapo anthu akagula. Zilipodi, koma akaunti yatsopano imafunika kugulitsa katatu m'masiku 180 oyambirira, apo ayi amaitseka. Owerenga za mpira wa kuno ndi angati amene amagula ku Amazon?

Chimene chikundisowetsa mtendere n'chakuti mnyamatayu ali ndi chinthu chabwino, kungoti akuchiloza kolakwika. Owerenga Chichewa alipo ambiri, ndipo amene angawalipirire ali pafupi: mwini malo ogona kunyanja ku Salima kapena ku Mangochi, sukulu yapulaiveti imene ikufuna ana a Fomu 1, wogulitsa mbewu ndi feteleza mvula ikamayandikira, shopu ya majezi. Amenewa safuna SWIFT. Amalipira pa Airtel Money kapena Mpamba, ndipo ndalama yonse ndi yako. Koma sangakupatse kanthu chifukwa choti tsamba ndi lokongola. Amafuna umboni. Ndiye kuyambira lero aike Google Analytics ndi Search Console, zida za Google zowerengera alendo a patsamba, zonse ndi zaulere, kuti pakatha miyezi itatu akhale ndi manambala oonetsa: anthu angati pamwezi, ochokera mizinda iti, nkhani ziti zimene amawerenga kwambiri. Akapita kwa mwini bizinesi apite ndi pepala limodzi lokhala ndi manambalawo, malo amene chotsatsa chidzakhale, kukula kwake m'mapikiselo (300 x 250 pakati pa nkhani, 320 x 50 kwa a pafoni), ndi mtengo wa pamwezi. Nkhani yolipiridwa ailembe poyera kuti ndi malonda, ndipo ulalo wake auike chizindikiro cha rel="sponsored", chifukwa kugulitsa maulalo mobisa kumagwetsa tsamba pa zofufuza za Google.

Pali china chimene anthu akunja olemba malangizo a zimenezi sachidziwa. Owerenga athu ambiri amagula bandulo ya Facebook kapena ya WhatsApp yokha. Uika ulalo wa nkhani yako pa Facebook, anthu 500 aukonda, koma akadina tsamba silitseguka chifukwa bandulo yawo situluka kunja. Ndiye umaona makomenti ali mbwee, owerenga patsamba ali ochepa, n'kumadabwa. Kwa wolemba za mpira m'Chichewa izi zikutanthauza kuti chotsatsa chigulitsidwe pamodzi: patsamba, pa Facebook ndi pa WhatsApp, mtengo umodzi. Ndipo kwa amene ali ndi bandulo yotsegula paliponse, tsamba likhale lopepuka. Chithunzi chochokera pafoni chimatha kukhala 4 MB. Achichepetse chifike pansi pa 100 KB, m'mtundu wa WebP ngati n'kotheka, apo ayi munthu amatseka chisanatseguke n'kukutukwanira mumtima kuti wamudyera data.

Zithunzizo zinatitengeranso kwina. Theka la zimene waika anazitenga m'manyuzipepala. Ndinamukumbutsa kuti dziko lino lili ndi lamulo la umwini wa zolemba ndi zojambula la 2016, ndipo wojambula amene anapsa ndi dzuwa pa Kamuzu Stadium ali ndi ufulu wokufunsa. Ajambule yekha, kapena apemphe. Nkhani zokopera nazo sizikwera pa zofufuza, poti mwini wake anayamba kale kuziika.

Mpira uli ndi vuto loti nkhani ya lero mawa yafa. Masamba amene amakhalitsa amakhala ndi zinthu zimene anthu amazifufuza chaka ndi chaka: kaonedwe ka zotsatira za MANEB, masiku ofunsira malo ku mayunivesite kudzera ku NCHE, kalembedwe ka kalata yofunsira ntchito. Ngakhale pa mpira pomwepo zilipo, monga mbiri ya matimu, malamulo a masewero ofotokozedwa m'Chichewa, ndi mmene mnyamata angalowere timu ya achinyamata. Iye anangoti zimenezo n'zotopetsa, iye amakonda za derby.

Usiku uno ndikuona kuti sindinamuuze mbali yowawa ya otsatsa a kwathu. Amakonda kunena kuti "ikani kaye, tikupatsani pakutha pa mwezi", ndipo mwezi wawowo sumatha. Ndalama ilowe kaye, chotsatsa chikwere pambuyo, ndipo tsiku loyamba ndi lomaliza zilembedwe ngakhale pa WhatsApp pomwepo kuti pasadzakhale zokanirana. Vuto limabwera wotsatsayo akakhala wa kutchalitchi kwanu kapena wachibale wa apongozi. Mawa ineyo ndili ndi chotsatsa chimodzi chotere chofunika kutsitsa, ndipo foni iyamba kulira m'mawa ndithu.