Ku Glasgow amakusekerera pamsewu, koma chitseko n'chotseka

Ndisananyamuke kubwera kuno ku Scotland kudzachita digiri yachiwiri, aliyense wondilangiza ankangokamba za kuzizira. Ukagule jekete lochindikala, masokosi aubweya, usaiwale magolovesi. Kuzizirako kulipodi, ndipo mvula ya ku Glasgow ilibe nyengo, imagwa m'mawa, masana, usiku, nthawi zina dzuwa likuwala. Koma zimenezo n'zosavuta, ukavala jekete nkhani yatha. Komanso walira mvula walira matope, sikolashipiyi ndinachita kuipempha ndekha. Zimene zinandizunguza mutu ndi tizinthu ting'onoting'ono timene eni dziko sationa n'komwe chifukwa anabadwira momwemo.

Choyamba ndinakumana nacho m'kalasi. University of Glasgow inakhazikitsidwa mu 1451, ndipo ukaima pansi pa nsanja yake pa phiri la Gilmorehill umadziona kuchepa. Ndinkayembekezera kuti aphunzitsi a pamalo otere ndi anthu oyankhula nawo utavula chipewa. Tsiku loyamba analowa bambo a imvi mbuu, amsinkhu wa bambo anga, atavala juzi yakutha m'zigongono, n'kutiuza kuti tiziwatchula dzina lawo loyamba. Lilime langa linakana. Mpaka lero ndikamawalembera imelo ndimayamba ndi udindo wawo, iwo poyankha amangosaina dzina loyambalo ngati mnzanga wa m'kalasi. Mnyamata wina wa ku Nigeria ndi atsikana a ku China nawonso zinkawavuta chimodzimodzi. Wa ku Germany yekha ndiye ankatidabwa kuti tikuvutika ndi chiyani.

Za dzinazo n'zazing'ono poyerekeza ndi kutsutsa. Mtsikana wa zaka 22 amatha kuuza pulofesa pamaso pa gulu kuti mfundo yawo siikugwira mtima, ndipo m'malo mokwiya mkuluyo amasangalala, n'kumuuza kuti apitirize. Ine ndinaleredwa kuti wamkulu akamayankhula umakhala chete, maso pansi, ndipo ulemu ndi umenewo. Kuno ukakhala chete m'semina amaganiza kuti sunawerenge, ukayang'ana pansi amaganiza kuti watopa nawo. Pa ichi ndisaname, ndawagomera. Munthu umaphunzira msanga pamene sukuopa kufunsa funso looneka lopusa, ndipo ndaona aphunzitsi akuluakulu akuvomera pagulu kuti yankho sakulidziwa, akafufuza kaye. Dziko silinagwe.

Kunyumba ndiye kunali nkhani. Ndimakhala m'gulu la nyumba zakale zamiyala yofiirira zija zimene zadzaza mumzinda muno, zosanjikizana katatu kapena kanayi, mabanja angapo n'kumagwiritsa ntchito khomo limodzi ndi masitepe amodzi. M'fulati mwathu tilimo ophunzira anayi, khitchini imodzi, filiji imodzi. M'filijimo aliyense ali ndi shelefu yake, ndipo wina amafika polemba dzina lake pa botolo la mkaka. Madzulo ena ndinabwera ndi njala kuchokera ku laibulale, ndinapeza mtsikana wa kuno amene timakhala naye akudya patebulo. Anandipatsa moni mwansangala, anandifunsa za maphunziro, tinacheza mpaka mbale yake inayera, osanena ngakhale kamodzi kuti tiyeni tidye. Sikuti ndinkafuna chakudya chakecho ayi, ndikanakana ndithu. Ndinkafuna andipatse mpata wokana.

Ndinamusungira kampeni kumphasa sabata yonse, mwiniwake osadziwa kanthu. Kenako tsiku lina ndinaphika zambiri ndipo ndinamugawira. Anadya, anayamikira kwambiri, m'mawa mwake ndinapeza chokoleti pa shelefu yanga ndi kapepala kothokoza. Apa m'pamene ndinayamba kuwamvetsa anthuwa. Kwa iwo ukampatsa munthu chinthu chimene sanapemphe wamusenzetsa ngongole, ndipo amafuna kuibweza msangamsanga kuti mtima ukhale pansi. Kusakuitanira chakudya ndi njira yawo yokusiya mfulu. Ndikumvetsa, koma sindinganene kuti zandilowa. Ine ndikamadya wina akalowa ndimamuitanabe, iwonso anazolowera, amangoti ndi khalidwe langa.

N'chimodzimodzinso mnzako akakuitana kulesitilanti pa tsiku lake lobadwa. Wakuitana inde, koma chikwama usasiye. Pomaliza woperekera zakudya amazungulira ndi kamakina ka khadi, aliyense n'kulipira zimene wadya, ndipo ena amasonkheranso mbale ya mwini tsikulo. Chodabwitsa n'chakuti anthu omwewa akalowa m'bala amasintha. Mmodzi amagulira gulu lonse, akamaliza wina amanyamuka kukagula, mpaka aliyense itamufika nthawi yake. Amene wamwa za anzake n'kuthawa isanafike nthawi yake, dzina lake limaipa. Ndiye si anthu oumira ayi, kungoti kupatsa kwawo kuli ndi malo ake ndi malamulo ake osalembedwa.

Ndinkamva kuti azungu sapatsana moni. Za ku London sindinganene, koma a ku Glasgow amacheza. Ukaima pa siteji ya basi, agogo amene sunawaonepo amayamba kukudandaulira za mvula, kenako za bondo lawo, kenako za mdzukulu wawo amene ali ku Australia. Potsika basi pafupifupi aliyense amathokoza dalaivala. Ukaoneka wosochera, wina amasiya ulendo wake kukuperekeza mpaka pakona. Vuto ndi kamvekedwe ka Chingelezi chawo. Ine ndinkadziona ngati katswiri wa chiyankhulochi, koma masabata oyamba ndinkangogwedeza mutu ndi kuseka pamene iwo aseka.

Koma chisangalalo chonsecho chimathera pakhomo. Agogo omwe aja amene anakuuza mbiri ya banja lawo lonse pa siteji sangakuuze kuti tiye ukaone pamene ndimakhala. Anthu amene timagwiritsa nawo masitepe amodzi ndimawadziwa ndi nsapato zimene amasiya panja ndiponso mayina olembedwa pa zitseko. Kugogoda pakhomo la munthu usanamuuze kuti ukubwera n'kumuopseza, amayesa kwagwa zovuta. Ngakhale mnzako weniweni ukati tionane, amatulutsa foni, kuyang'ana kalendala, n'kukupatsa Lachinayi la sabata yamawa, 6 koloko madzulo. Ndipo 6 koloko yake ndi 6 koloko. Ubwino wake, akakupatsa nthawiyo ndi yako ndithu, sabwera ndi zifukwa, ndipo foni amaiika m'thumba.

Mwina china chimene chimawatsekera m'nyumba ndi mdima. Mu Disembala dzuwa limatuluka cha m'ma 9 koloko m'mawa, 4 koloko madzulo isanakwane lalowa kale. Umapita ku kalasi kuli mdima, kutuluka kuli mdima, ndipo thupi limangofuna bulangete. Mu Juni zimatembenuka, 10 koloko usiku kunja kukuonekabe. Pakati pa zimenezi amasinthanso mawotchi kawiri pachaka, Lamlungu lomaliza la Malichi ndi Lamlungu lomaliza la Okutobala, moti amene umaimbirana nawo foni kutali amasokonezeka. Tsiku limene dzuwa lawala bwino, mzinda wonse umakhamukira ku Kelvingrove Park, anyamata atavula malaya, pamene ine ndidakali mu juzi.

Pali mafunso awiri amene ndaphunzira kusafunsa munthu amene sindikumudziwa bwino: timu imene amachemerera ndi kumene amapemphera. Muno muli matimu awiri akuluakulu, Celtic ndi Rangers, ndipo chidani chawo si cha mpira wokha. Celtic inayambitsidwa ndi Akatolika ochokera ku Ireland pofuna kupeza ndalama zodyetsera osauka kum'mawa kwa mzindawu, pamene Rangers kwa zaka zambiri inkadziwika kuti ndi ya Apulotesitanti. Mabala ambiri amakhoma chikwangwani choletsa kulowa utavala yunifolomu ya timu. Ngakhale kufunsa munthu sukulu imene anaphunzira kumatha kumveka ngati ukufufuza mpingo wake. Chosokoneza n'chakuti ambiri mwa okanganawo kutchalitchi sapitako. Pa kalembera wa 2022, anthu opitirira theka ku Scotland, 51 peresenti, ananena kuti alibe chipembedzo. Pamutu pa Byres Road pali tchalitchi chachikulu chakale, nsanja yake ili chiimire, koma mkati muli bala ndi holo ya zisudzo. Lamlungu m'mawa ndikamapita kokapemphera ndimakumana ndi anthu othamanga ndi oyendetsa agalu, ndipo m'tchalitchi mwathu achinyamata ambiri ndi ife obwera.

Chimene chandikhalitsa pansi kwambiri ndi nkhani ya okalamba. Viza ya wophunzira imalola kugwira ntchito maola osapitirira 20 pa sabata sukulu ikakhala yotsegula, ndipo ine, monga anzanga ambiri obwera, ndinapeza ganyu kunyumba yosamalira okalamba. Ndinalowako ndi chiweruzo changa kale m'thumba: anthu otani awa otaya makolo awo kwa alendo? Ndakhala ndikuwasambitsa, kuwapesa, kuwadyetsa, ndipo chiweruzo chija chayamba kugwedezeka. Agogo ena aakazi anandiuza okha kuti anasankha kubwera, ana awo ankakana. Ankati mwana wawo ali ndi ntchito ndi ana ake, ndipo iwo sangalole kuti mwana amene anamubereka aziwasintha zovala zamkati. Kwa iwo kusakhala mtolo kwa ana ndi ulemu waukulu umene atsala nawo. Boma nalonso linaikapo dzanja: kuyambira mu 2002, Scotland imalipira chisamaliro cha pathupi, monga kusambitsa ndi kudyetsa, kwa okalamba amene apimidwa n'kupezeka kuti akufunika thandizo. Ena ali ndi matenda oiwalaiwala amene amafuna munthu wogalamuka usiku wonse, ndipo banja la anthu awiri ogwira ntchito silingakwanitse.

Komabe pali agogo ena aamuna amene Lamlungu lililonse amavala tayi n'kukhala pafupi ndi khomo, ndipo nthawi zambiri sikubwera munthu. Chipinda chawo n'chofunda, mankhwala amamwa pa nthawi yake, chakudya sichisowa. Ndikawapatsa tiyi amandigwira dzanja nthawi yaitali kuposa mmene tiyi amafunira. Anzanga a kuno amene timagwira nawo ntchito nawonso zimawapweteka, si ine ndekha, moti sindinganene kuti ndi chikhalidwe chawo chonse. Koma ndikaona tayi ija ndimalephera kuyamikira dongosolo lawoli ndi mtima wonse.

Maliro ndiye amandisowetsa chochita. Mnzathu wa m'kalasi bambo ake anamwalira pakati pa temu. Ndinamva mochedwa, kudzera pa gulu lathu la WhatsApp, ndipo ndinayamba kufunsa kuti tinyamuka nthawi yanji kupita kunyumba kwawo. Anzanga anandiyang'ana modabwa. Anati banja likufuna kukhala palokha, ife tigule khadi tisaine tonse. Mwambo wa maliro unachitika patapita pafupifupi masabata awiri, pa tsiku ndi ola zimene anachita kusungitsa kumalo owotcherako mitembo, pakuti kuno ambiri amawotchedwa. Sunathe ola limodzi. Kenako anthu anapita kuhotela kukamwa tiyi ndi masangweji, akukamba nthabwala za malemuwo, ena akuseka mpaka misozi. Lolemba lotsatira mnzathuyo anali m'kalasi ndi laputopu yake, atalemba kale fomu yopempha kuti amuwonjezere masiku operekera asainimenti.

Ndinadikira kuti anthu atuluke, ndinapita pamene anakhala n'kumuuza kuti pepani ndi zovutazi, ndipo ndinakhala naye pansi osanena china. Anayamba kulira, kenako anayamba kundipepesa chifukwa cholira. Ndinamuuza kuti palibe chopepesa. Tinakhala mpaka woyeretsa analowa ndi makina ake kutiuza kuti chipindacho chikufunika 2 koloko. Tikutsika masitepe anatulutsa foni n'kundifunsa ngati ndili ndi mpata Lachitatu kuti tikamwe khofi, ndipo ndinayang'ana kalendala yanga, pakuti masiku ano nanenso ndili nayo.