Mbiri ya moyo wanga, gawo 9: chitseko cha ndege ndi zala zanga ziwiri

Ndiyambe ndi kuthokoza nonse amene munalemba pansi pa gawo 8, makamaka mayi aja a ku Bembeke amene munati munalira mutawerenga za achemwali anga, Mulungu akudalitseni mayi. Ambiri mwakhala mukufunsa kuti zala ziwiri zoduka zimene mumaziona pa zithunzi zinatani, ena mpaka kumati inandidya ndi grinder pa shopu yanga pano pa Linthipe. Ayi. Lero ndinena zonse.

Tinasiyira poti madala aja a ku Bulawayo andipezera ntchito ku kampani yokonza ndege ku Joni, dzina lake sinditchula. Ntchito yanga inali kukolopa mu hangar (chinyumba chachikulu chokonzeramo ndege), kupukuta mafuta, kunyamula bokosi la zida. Zaka ziwiri zinatha choncho.

Koma mukudziwa kuti ndine mwana wa kalipentala. Bambo ankakonda kunena kuti thabwa aliyense atha kupala, luso limaonekera pa mahinjesi, ndiye anzanga akamathamangira kukaona injini ine ndinkaima pa chitseko. Madala aja ataona zimenezo anayamba kumandiitana akamathira girizi. Ndinene pano kuti ine sindinali injiniya, ndinalibe laisensi, sindinkasaina pepala lililonse, ndinkangogwira pomwe andiuza kuti gwira apa.

Chitseko cha Boeing 737 chinandizunguza mutu tsiku loyamba chifukwa ndi chachikulu kuposa khomo lake, koma chimatulukira kunja. Ndinkadzifunsa kuti zikutheka bwanji. Ukazunguza handulo ija theka la mzungulo, timapiko tiwiri, kena pamwamba kena pansi, timapindikira m'kati ndipo chitseko chimafupika, kenako chimayamba chabwerera m'kati pang'ono, nkupendeka, nkudutsa pakhomo cham'mbali ngati mmene timatulutsira tebulo m'nyumba, nkukagona kunja moyang'ana kutsogolo kwa ndege. Amachinyamula ndi mikono iwiri yachitsulo, wapamwamba ndi wapansi, yolumikizidwa ndi paipi imodzi yotchedwa torque tube kuti iziyendera limodzi, pali kankono kena kowongolera kapendekedwe kake, ndi ka snubber kamene kamachigwira kuti chisamenye mwamphamvu chikamafika kumapeto. Chikatseguka chonse pamamveka kuti kwa! ameneyo ndi gust lock, loko woti mphepo isachibweze. Musaiwale loko ameneyu.

Chimene chinandidabwitsa kwambiri nchakuti mahinjesi onsewa si amene amachigwira chitseko ndege ili m'mwamba. Kumwambako mpweya wa m'kati umakhala wopopedwa, wakunja ndi wochepa, ndiye wam'katiwo umachikanikiza chitseko pa felemu ndi mphamvu yopitirira matani 5 pa square metre imodzi. Achimwene amene munafunsa ngati munthu wopenga angatsegule chitseko ndege ili pamwamba penipeni, yankho ndi limenelo, sangachisunthe. Ntchito ya mahinjesi ndi ya pansi, kuchiyendetsa bwino pochitsegula ndi pochitseka kuti chisavulaze munthu komanso chisagunde thupi la ndege. Za Airbus A320 nzosiyana, chimanyamuka kaye pang'ono nkutuluka chili chilili pa nkono umodzi waukulu, nkutsetsereka m'mbali mwa ndege, ndipo chili ndi kabotolo ka nitrogen kochikankha pa ngozi. Koma ine ndinkakonda cha 737 chija, mwina poti chimafuna dzanja la munthu ngati za bambo.

Inu munatumiza nkhani ya ndege ya Alaska Airlines ya Januwale 2024, chija chinathothoka atangonyamuka ku Portland sichinali chitseko cholowera anthu, chinali chotsekera pakhomo losagwiritsidwa ntchito, ndipo ofufuza anapeza kuti mabawuti ake 4 panalibe. Tibwerere ku nkhani yathu.

Unali mwezi wa Ogasiti, amene munakhalako ku Joni mukuidziwa mphepo ya mwezi umenewu, ya fumbi. M'mawa cha m'ma 5 achemwali anaimba kuti bambo awatengera ku chipatala usiku, chifuwa chija chabwereranso. Ndinawapempha kuti awaike foni pa khutu. Sanalankhule, ndinkangomva kupuma kwawo, kolemera, ngati sowo ikudutsa pa thabwa lonyowa. Ndinati bambo ndine, ndikubwera. Ndinanama abale, ndinalibe poyambira, pasipoti yanga inali ku ofesi ina kudikira chilolezo cha ntchito, mwezi wachinayi. Ndinakhala pa bedi nsapato imodzi ili kuphazi ina m'manja mpaka kunja kunayera, kenako ndinapita ku ntchito chifukwa ndalama ya mankhwala ikanachokera kuti?

Ndege inali panja pa hangar, masitepe ataikidwa pa chitseko chakutsogolo. Madala anandituma kuti katsegule, upukute girizi wakale pa nkono wapansi, ndikubwera. Ndinatsegula, ndinakankha, koma sindinamvetsere kwa! uja. Zaka ziwiri ndikulimva phokoso limenelo, tsiku limenelo khutu langa linali ku Dedza. Ndinagwada nkulowetsa dzanja lamanzere ndi kansanza pakati pa nkono ndi felemu, foni inanjenjemera m'thumba la ovolosi, ndinadziwa ndisanayione. Ndinaitulutsa ndi dzanja lamanja, achemwali anangoti achimwene, bambo atisiya. Nthawi yomweyo mphepo inabwera nkuchibweza chitseko.

Sichinamenye, snubber uja anagwira ntchito yake, chinabwera pang'onopang'ono ndipo ndinachiona ndi maso anga chikubwera koma thupi silinamve. Sindinakuwe. Ndinamva kutentha kokha ngati ndagwira mbaula, foni ikadali pa khutu achemwali akulira, magazi akutsikira pa masitepe dontho limodzi limodzi. Madala ndi amene anathamanga nkuchikankha ndi phewa, anandimanga dzanja ndi malaya awo, akuti mfana wami, mfana wami. Ku chipatala anadula zala ziwiri pa mfundo yoyamba. Usiku umenewo ndinagona pa bedi la chipatala dzanja litapachikidwa m'mwamba, ndikuwerenga m'mutu kuti pano adzukulu ayamba kukumba, pano azimayi akuimba m'nyumba ya siwa, pano bokosi lafika, ndipo ndinkadzifunsa kuti bokosi la kalipentala wa mudzi wonse wakhoma ndani.

Kampani inalemba kuti ndinalakwa ndine poyankha foni pa ntchito komanso posaonetsetsa loko. Zoona, sindinakane ndipo sindikana. Chimene chimandiwawa nchakuti ananditaya mwezi womwewo bala lisanapole.

Tsopano atsibweni. Ndikudziwa kuti ana anu amakuwerengerani zimenezi. Munaima pa manda a mlamu wanu nkuuza anthu kuti mwana wake amagona m'ndege tsiku ndi tsiku koma walephera kukwera imodzi kudzaika bambo ake. Mayi anawamva mawu amenewo ndipo anawasunga mpaka tsiku lawo lomaliza. Atsibweni, ine ndege sindinakwerepo yowuluka, ndinkaikolopa ili pansi. Tsiku limene munkalankhulalo ndinali ndi mabandeji mpaka m'chigongono ndipo pasipoti sinali m'manja mwanga. Mukanandifunsa ndikanakuuzani. Sindikusungirani chakukhosi koma anthu amene anamva zanu amvenso zanga.

Ndinabwera patatha miyezi itatu, pa basi, kudzera ku Beitbridge, Tete, nkulowera pa boda ya Dedza. Ndinafika kunyumba madzulo mayi ali ku dimba. Chitseko cha nyumba yaikulu ndi chija bambo anapanga cha mlombwa ndili Sitandade 4, ine ndikuwagwirira misomali. Ndinachikankha ndi dzanja lodukalo, chinatseguka osalira ngakhale pang'ono. Ndinakhala pakhomo pomwepo chikwama chili kumsana, mpaka mayi anandipeza.

Gawo 10 ndifotokoza mmene ndinagulira makina owotcherera zitsulo ndi ndalama ya mbatata ya mayi, ndi zija zinachitika ndi amayi a ana anga ku Chimbiya.