Ndafika kwa agogo ake a Daniel Boone

Abale, usiku wathawu ndinakomedwa kulondola mtundu wa Daniel Boone, mlenje amene analambula njira yolowera ku Kentucky, ku America, mu 1775, mpaka tiyi anandizizirira m'kapu. Bambo ake, Squire Boone, anali woomba nsalu wochokera ku Devon, ku England, ndipo anafika ku Pennsylvania mu 1713. Agogo ake, George, anatsatira mu 1717. Zoterezi zikupezeka chifukwa a mpingo wa Quaker ankalemba zonse, ngakhale mlandu umene unachotsetsa Squire mumpingo, mwana wake Israel atakwatira mkazi wosakhala wa mpingowo.

Chandiwawa n'chakuti a Shawnee, mtundu wa eni nthaka a ku America, amene ankasaka m'nkhalango zomwezo Boone asanafike, amangotchulidwa mwachigulu. Dzina lomwe likubwerabwera ndi la mfumu Blackfish, imene inagwira Boone mu 1778, n'kumutenga ngati mwana wake, n'kumutcha Sheltowee, kutanthauza Kamba Wamkulu.