Ana atatu, koma IRS inawerenga mmodzi ndi theka

Mu February 2025 ndinakhala pa tebulo kuno ku South Bend, ku America, ndi W-2 yanga (pepala la kuntchito losonyeza malipiro a chaka), makadi a Social Security ndi Form 1040 (fomu ya msonkho yopita ku IRS, bungwe lotolera msonkho kuno), ndili ndi chiyembekezo cha $6,000. Masamu anga anali apafupi: ana atatu, ndipo Child Tax Credit, ndalama imene boma limakuchotsera pa msonkho chifukwa cholera ana, ya 2024 inali $2,000 pa mwana aliyense.

Ndinayamba ndi malire a ndalama zopeza, poti ndi zimene anthu ankandiwopseza nazo kuti ndikachulutsa ma shifiti ndidzataya zonse. Si zoona. Ndalamayi imayamba kuchepa ukadutsa $200,000 pachaka, kapena $400,000 kwa banja lolembera limodzi, ndipo amachotsa $50 pa $1,000 iliyonse yopitirira. Ine wosamalira okalamba ndingafikeko liti? Apo ndinadutsa ndikuseka.

Kuseka kunathera pa Schedule 8812, fomu yowerengerapo ndalama ya anayi. Pamenepo amafunsa za mwana mmodzimmodzi: kodi chaka chimatha asanakwanitse zaka 17? Ali ndi nambala ya Social Security? Wakhala nawe m'nyumba kupitirira theka la chaka?

Chitsiriza changa, wa zaka 8, anadutsa monse. Wachisamba anakwanitsa zaka 17 pa 20 December, ndiye masiku ochepa okhawo anamuchotsa pa $2,000 n'kumusiya pa $500 ya Credit for Other Dependents, ya anthu ena amene umawasamalira. Pakudya pokha, palibe amene angamupose m'nyumba muno.

Chondipweteka chinali cha wapakati, amene ali ndi agogo ake ku Zomba. Fizi ndimalipira ndine, yunifolomu ndine, ngakhale ndalama ya kuchigayo imachokera m'thumba langa, ndipo malisiti otumizira ndalama ndinawasunga onse m'envelopu. Sanandithandize kalikonse. Mwanayo sanagonepo m'nyumba mwanga chaka chonse, si nzika ya America, sakhalanso kuno, choncho ngakhale $500 ija samuwerengera. Chodabwitsa n'chakuti ndikanakhala ndikulera mwana wa achemwali anga kuno, ali ndi mapepala ake, akanalowa bwinobwino. Lamuloli limavomereza mdzukulu, mng'ono wako, mwana wa mbale wako, bola agone pansi pa denga lako. Pali anthu amene amalembetsa ana a kumudzi mwachinyengo. Ine ayi, IRS ikakugwira ikhoza kukuletsa kulandira ndalamayi kwa zaka 10.

Malire amene amaluma anthu ngati ife ali pansi, osati pamwamba. Msonkho wako ukakhala wochepa, amakubwezera mpaka $1,700 yokha pa mwana, ndipo amawerengera 15 peresenti ya malipiro opitirira $2,500. Mnzanga amene anagwira ntchito miyezi yochepa n'kupeza $10,000 anapatsidwa $1,125 basi.

Ndinatumiza pa intaneti, kenako n'kudikira, chifukwa lamulo limaletsa IRS kutulutsa ndalama zoterezi pakati pa February pasanafike. Zinalowa mu akaunti kumayambiriro kwa March, ndipo tsiku lomwelo gawo lina ndinalitumiza ku Zomba, kwa mwana yemwe fomu ija inamukana.