Manda a Anne Bradstreet sitinawapeze

Mwana wa achimwene anga, yemwe akuphunzira ku Boston m'dziko la America, ndi amene ananditengera ku North Andover Loweruka lina mu Okutobala. Pa galimoto ndi mtunda wa makilomita pafupifupi 40 kulowera kumpoto. Masamba anali atafiira mbali zonse za msewu, koma kamphepo kake kolowa m'mafupa.

Tinkafuna kukaona pamene anagona Anne Bradstreet, mayi wa mpingo wa Puritan yemwe anachoka ku England kupita ku America mu 1630 pa sitima ya Arbella. Buku lake la ndakatulo linasindikizidwa ku London mu 1650, ndipo analitengera kumeneko ndi mlamu wake, John Woodbridge. Manda akale a m'tauniyi ndi kamalo kakang'ono, miyala yake yopyapyala, ina yopendekeka, yojambulidwa zigaza zamapiko. Tinawerenga mayina mpaka zala kuuma. Pamene panaikidwa thupi lake mu 1672 palibe akudziwa. Chilipo ndi mwala wachikumbutso umene anauimika mu 2000.

Mkangano unabuka pamwala pomwepo.

"Azakhali, mayi ameneyu anadzipeputsa yekha. Analemba kuti amuna ndi amene amachita bwino koposa, ndipo akazi akudziwa zimenezo. Lero angamuombere m'manja ndani?"

Analembadi choncho. Koma m'ndakatulo yomweyo anadandaula za malilime onena kuti dzanja lake likuyenera singano osati cholembera, ndi kuti akalemba zabwino anthu adzati waba kapena zangochitika mwamwayi. Ine mawu amenewo ndinawazindikira. Amayi anga ankagwada popereka madzi osamba m'manja kwa abambo, nkunena kuti "mwini nyumba ndinu," chonsecho ndalama za fodya zinkagona m'mpango mwawo, ndipo sukulu ya atsikana tonse anaigamula ndi iwo.

"Kumeneko ndiye kuvutika kwake, azakhali. Munthu azigwada kaye kuti amveke?"

Ndinasowa poyankha msanga. Bradstreet anali ndi ana 8, bambo ake Thomas Dudley anali bwanamkubwa wa dera la Massachusetts Bay, ndipo mau oyamba a buku lija anachita kutsimikizira owerenga kuti mayiyu sanasiye ntchito za pakhomo, analemba pa nthawi yodula tulo. Anaonanso zimene zinachitikira Anne Hutchinson, yemwe ankaphunzitsa za Baibulo m'nyumba mwake ku Boston: anamuimba mlandu mu 1637 nkumupirikitsa m'deralo. Wakuona zimenezo, pakamwa umatsegula mochenjera. Komabe polemba za Mfumukazi Elizabeth I ya ku England, Bradstreet anaiwalako kugwada. Anati onena kuti akazi alibe nzeru adziwe kuti kale kunena zimenezo unali mlandu woukira ufumu.

Pobwerera tinadutsa pa State House, likulu la boma la Massachusetts ku Boston, pamene pali chiboliboli cha Hutchinson yemwe uja anapirikitsidwa, kamtsikana kali pambali pake. M'nyumbamo munali ofesi ya Maura Healey, mayi woyamba kusankhidwa kukhala bwanamkubwa wa Massachusetts, mu 2022. Ndinakumbutsa mwana uja kuti kwathu Joyce Banda anali atalamulira kale dziko lonse mu 2012.

"Eya, azakhali, koma pa chilangizo changa mudzandiuza chiyani?"

Ndinamuuza kuti ayang'ane msewu, magetsi asintha.