Mlangizi masana, wophunzira m'mamawa: sabata imodzi ya mu Januwale

Januwale ndi mwezi umene mlangizi wa zaulimi sakhala pansi. Chimanga chili m'mawondo, alimi akupalira ndi kuthira feteleza wobereketsa, ndipo mbozi zalowa kale m'minda. Kwa ine chaka chino katundu wachuluka, chifukwa kuwonjezera pa ulangizi kuno ku Dedza ndikuchita digiri yachiwiri, ndipo kafukufuku wanga ndi wa mbozi zomwezi za fall armyworm. Zinachokera ku America, zinaoneka koyamba mu Africa mu 2016, ndipo mu Disembala 2017 boma linalengeza kuti maboma 20 mwa 28 a dziko lino agwa m'ngozi chifukwa cha izo. Chibwerereni sizinachokenso.

Lolemba ndinadzuka 4 koloko monga mwa masiku onse. Kuyambira nthawi imeneyo mpaka 6 koloko ndi nthawi ya sukulu, foni imakhala yothima. Madzulo sindiwadalira: thupi limakhala litatopa ndi njinga yamoto, magetsi amatha kuthima, ana nawonso akufuna bambo awo. M'mamawa palibe amene amagogoda. Kutacha ndinapita ku minda ya kafukufuku. Munda timauyenda mokhotakhota motsata chilembo cha W, kuima malo 5, ndipo paliponse kuona mbewu 10 zotsatizana. Umatsegula kunsonga, m'kati momwe masamba atsopano amatulukira. Mbozi zikakhala zazing'ono zimangopala tsamba n'kusiya timawindo toonekera. Zikakula zimaboola, n'kusiya ndowe zonga utuchi wonyowa. Kuwonongeka kwa masamba timakupatsa nambala kuyambira 1 mpaka 9.

Ntchito imeneyi siidikira munthu. Kukatentha, mazira amaswa m'masiku 2 kapena 3, mbozi imadya pafupifupi sabata ziwiri, ndipo m'masiku 30 gulugufe wina wayamba kale kuikira. Ukaphonya sabata imodzi, zimene unayenera kuwerenga zapita, ndipo mvula ina ndi chaka chamawa.

Lachiwiri ndinali muofesi kulemba lipoti la momwe mbewu zilili, imelo ya asupavaiza, aphunzitsi amene amayang'anira kafukufuku wanga, n'kulowa. Mutu wachitatu wa kafukufuku unabwerako wofiira ndi ndemanga, ndipo ankaufuna pofika Lachisanu. Mtima unapita m'mwamba, khosi n'kuuma, nsima ya masana osalowa. Zikatere ndimatenga pepala n'kudzifunsa kuti pa zonsezi, n'chiti chimene chiwonongeke ndikapanda kuchichita sabata ino. Mbozi ndiye zinali pamwamba. Lipoti linali lotheka tsiku lomwelo. Mutu wachitatu sukanaola. Ndinawaimbira foni asupavaiza aja.

"Dokotala, ndemanga zanu ndaziona, zikomo kwambiri. Koma sabata ino mbozi zili pa msinkhu woti ndisaphonye. Mungandilole nditumize Lolemba?"

Anavomera, n'kuwonjezera kuti nditumize ngakhale zina zikhale zosatha. Ophunzira ambiri timaopa foni yotereyi. Timakhala chete mpaka tsiku lidutse, kenako manyazi amatiletsa ngakhale kutsegula imelo. Ine ndimaona kuti kunena msanga, ndi chifukwa chomveka, ndi ulemu kwa mphunzitsi, chifukwa nayenso ali ndi ophunzira ena oti awakonzere nthawi.

Lachitatu kunagwa maliro m'mudzi umene tinakonza zokumana ndi alimi. Msonkhano unalephereka, ndipo mlangizi sungadutse pa siwa ngati mlendo. Anthu amene umadya nawo chimanga chachiwisi uyenera kulira nawo. Ndinakhala komweko mpaka titachoka kumanda. Minda ya kutsidya kwa mtsinje inayenderedwa ndi mayi wina, mlimi wotsogola amene ndinamuphunzitsa mvula isanagwe. Mayiyu amaidziwa mboziyi kuposa anthu ambiri a mapepala. Amaiika pachikhatho, n'kukuonetsa chilembo cha Y chozondoka pamutu pake, ndi timadontho 4 takuda chakumchira. Madzulo ananditumizira zithunzi za fomu pa WhatsApp, manambala ali bwinobwino, n'kulemba kuti, "Alangizi, musade nkhawa, kuno tathana nazo." Dzina lawo lidzalembedwa m'buku langa pa tsamba la kuthokoza, ndipo zotsatira ndidzayamba kukazifotokoza m'mudzi mwawo.

Za Lachinayi ndi zimene zandikhala kwambiri mumtima. Pa gulu lathu la WhatsApp la kalasi, mnzathu wina amene amakonda kucheza anali atangoti zii kwa nthawi. Ndinamuimbira nditaweruka. Poyamba anati ali bwino, koma nditati, "Achimwene, ndiuzeni zoona," anamasuka. Tulo sakupeza, fizi sanamalize, kuntchito akumuona ngati wothawa ntchito, kunyumba akumuona ngati wosowa. Akatsegula laputopu amangoyang'ana, mawu osabwera, ndipo anali ataganiza zongosiya.

Vuto lathu ndi lakuti aliyense amatiyesa amwayi. Wafika pa digiri yachiwiri, ungadandaule chiyani pamene ena sanaone ndi khomo la sekondale lomwe? Abale akuyembekezera thandizo, kumpingo akupatsa udindo chifukwa ndiwe wophunzira, ndipo iwe umangovomera zonse, kwinaku ukuwonda ndi maganizo. Amuna ndiye timabisa kwambiri. Sindine dokotala, choncho ndinamupempha kuti zakusowa tulozo akazinene kuchipatala, ndiponso kuti awauze akazi awo momwe zinthu zilili. Tinagwirizananso kuti Loweruka m'mawa tizilemba limodzi, iye ali kwawo ine ndili kwathu: kuimbirana poyamba, aliyense anene ndime imene alembe, kenako kuimbirananso pakatha maola awiri.

Nditadula foni ndinali ndi mtima wofuna kuchezera pa mutu wachitatu uja, koma 9 koloko itakwana ndinakagona. Munthu wamkulu amafunika kugona maola 7 kapena kuposerapo, ndipo wodzuka 4 koloko alibe kuchitira mwina. Zolemba za pakati pa usiku, m'mawa umazifufutanso.

Lachisanu kunagwa mvula tsiku lonse. Ndinalowetsa manambala mu Excel, kusiyanitsa ndime zimene tinathira phulusa, mchenga, nimu, msuzi wa nsomba ndi mankhwala ogula kusitolo. Zinayi zoyambazi ndi njira zimene alimi amagwiritsa kale ntchito, ndipo n'zoyenera kuziyesa mwadongosolo m'malo mongozinyoza. Nditamaliza ndinasunga pa flash ndi pa Google Drive, kenako mafomu a pepala n'kuwaika mu jumbo kuopa chinyezi.

Loweruka mnzanga uja anaimba nthawi isanakwane n'komwe. Analemba tsamba limodzi, ndipo mawu ake pa foni yachiwiri anali ena. Ine ndinakonza ndemanga zambiri za asupavaiza. Lamulungu laputopu siituluka m'chikwama. Tinapita kutchalitchi, masana ndinakonza njinga ya mwana wanga wamkulu imene inakhala nthawi yaitali ili yophwa. Lolemba m'mawa ndinatumiza mutu wachitatu, gawo la kusanthula manambala lili losatha monga tinagwirizanirana, ndipo ndinalembamo mafunso awiri oti Dokotala andithandize tikadzakumana kumapeto kwa mwezi.